Mafuta a Apongozi ndi Nyale za Myuda

Nkhani iyi ndaisunga m'mimba zaka zambiri, ndipo ndikuitulutsa lero chifukwa eni ake anatisiya, sangandimvenso. Ine, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, wobatizidwa, woimba besi m'kwaya, ndinabapo mafuta ophikira kuchipinda kwa apongozi anga aakazi. Osati kamodzi ayi. Kasanu ndi kawiri. Sekeranitu pano, chifukwa kutsogoloku kuseka kuchepa.

Linali dzinja loyamba titabwerako ku Zambia, komwe tinathawira nkhondo. Mudzi wa kwawo kwa mkazi wanga, kufupi ndi ku Chiputo, tinaupeza uli thengo lokhalokha, moti malo a nyumba tinkawazindikira ndi mitengo ya mango. Ine pamenepo ndinali mkamwini. Ndinamanga kanyumba kathu, kenako ka apongozi, ndipo ulemu wanga unkadziwika mudzi wonse. Tikakumana panjira ndi mayiwo, ine ndinkapatukira m'tchire, ngakhale muli chitedze. Zaka khumi ndi ziwiri za ukwati, sitinayang'anepo m'maso. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga, make Tereza.

Apongoziwo anali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, mlamu wanga Kalisito. Anthu a mfuti anamutenga ali kudimba, chaka chomwe tinathawa. (Musandifunse kuti anali a mbali iti. Kuno tinasiya kufunsa zimenezo.) Nkhondo itatha ena anabwerera, wina wopanda mwendo, wina wolankhula yekha, koma Kalisito ayi. Abale anati tilire maliro, apongozi n'kukana kwamtuwagalu. "Ndani wauona mtembo?" Ndiye yankho lawo linali lomwelo.

Kukampu ya othawa nkhondo ku Zambia kuja, pa mafuta omwe ankatigawira, iwo ankapatulako supuni imodzi imodzi, ndiwo n'kumadya zamadzi okhaokha, mpaka anadzaza botolo lakuda la lita. Analitseka ndi chitsononkho, kulikulunga m'chitenje, ndipo pobwerera analibereka kumsana m'lole monse ngati khanda. Mafutawo anali okazingira tambala tsiku lomwe Kalisito adzatulukire panjira. Botololo linkakhala kunsi kwa kama wawo, ndipo m'mawa uliwonse ankalinyamula kuti amve kulemera kwake.

Tsopano tibwere kwa mlendo. Kunabwera mzungu wokumba mijigo, dzina lake Davide, wochokera ku Brazil. Popeza ine ndinafika kalasi yachinayi kwa apadiri, ndipo Chipwitikizi ndinkachikoka ndithu, anandisankha kukhala womasulira wake. Abale, ndinakula mutu! Ndinkayenda ndi cholembera m'thumba la malaya, chomwe inki yake inatha nkhondo isanayambe. Sinyoro Davide (ndiko kuti bwana Davide) anabwera pa njinga yamoto kuti adzangoona malo masiku awiri, koma mvula inagwa yosaleka, mtsinje unadzaza, ndipo lole ya katundu wake inatsakamira kuboma, ku Fingoe. Anagona kwathu. Anali munthu wofatsa, wodya chilichonse cha masamba. Nkhumba ndi mbewa anakana mwaulemu, n'kundiuza kuti iye ndi Myuda. Ine ndinadabwa, chifukwa ndinkayesa Ayuda anathera m'Baibulo.

Tsiku lina masana ndinamupeza pakhonde akupota thonje ndi zala, pambali pake atandanda tizitini ta matimati topanda kanthu, nkhope ili khuma.

"Amigo," anatero (ndimo ankandiitanira, kutanthauza bwenzi), "madzulo ano kwathu kukuyamba chikondwerero cha nyale. Chibadwire sindinachiphonyepo. Makandulo anga atsala m'lole. Kodi mafuta angapezeke m'mudzi muno? Ngakhale ophikira, pang'ono pokha."

Yankho loona linali lakuti ayi. M'mudzi monse munalibe ngakhale dontho la palafini, tinkaunikira ndi udzu. Mtedza wonse tinali titabzala. Koma pakamwa pangapa!

"Mafuta? Aaa, Sinyoro, imeneyo ndi nkhani? M'nyumba mwanga mafuta sasowa."

Nkhope yake inawala. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kandalama kachitsulo.

"Ndigula," anatero.

"Iyayi! Kwathu kuno mlendo ndi mame, sitimugulitsa kanthu."

"Ndikudziwa, koma lamulo lathu limati nyale imeneyi munthu ayatse ndi mafuta ake. Akakhala paulendo, m'nyumba ya eni, apereke kandalama kuti naye akhale mwini mafutawo. Ndiye ndikufunseni bwinobwino, amigo. Ndi anu enieni? Munthu sangagulitse chomwe si chake."

Pamenepo Mulungu ananditsegulira khomo lothawira, ine n'kulitseka ndekha. Ndinadziguguda pachifuwa. "Ndi anga ngati mphuno yangayi."

Kandalama kanagwera m'dzanja langa.

Apongozi anali kumunda, make Tereza kumtsinje. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kumasula luzi la pachitseko cha bango. Inu a m'tauni mwina simukumvetsa. Kwathu mkamwini kulowa kuchipinda kwa apongozi ake aakazi ndi mwano woti ukamveka, mbuzi siikwana kupepesera. Ndinalowa chokwawa. Ndinalipeza botolo, kuzula chitsononkho, kutsanulira pang'ono m'kapu. Nditalinyamula ndinamva kuti lapepukirapo. Apa ndipo sukulu ya apadiri inandipha. Ndinakumbukira kuti mafuta amayandama pamadzi. Ndinathiramo madzi mpaka pakhosi pa botolo, madziwo n'kutsikira pansi, mafuta n'kutsala pamwamba ngati palibe chachitika. Ndinatuluka ndikudziona ngati injiniya.

Dzuwa litalowa, Davide anavala kachipewa kakang'ono, kuika chitini chimodzi pakhomo ndi china chapambali choyatsira, n'kuimba m'chilankhulo cha makolo ake. Anthu anasonkhana. Iye anafotokoza, ine ndikumasulira, kuti nyaleyo si yodyera kapena kusokera, ndi yongoyang'ana basi. Amayi wina anaomba m'manja. "Kutentha mafuta ophikira kuti angowayang'ana! Azungu inu, Mulungu akukhululukireni." Ine ndinagona mtima uli m'malo. Ndinati supuni ziwiri zokha, ngakhale Kalisito mwiniwake sangazizindikire.

Kutacha, Davide anandiitana. "Amigo, lero ziwiri."

"Ziwiri chiyani?"

"Nyale. Mawa zitatu. Tsiku lililonse timawonjezera imodzi."

"Mpaka liti, Sinyoro?"

"Masiku asanu ndi atatu."

Ndinayamba kuwerenga ndi zala. (Wodziwa masamu awonkhetse yekha. Ine ndinayesa, n'kulekera panjira chifukwa cha mantha.) Apa munthu wanzeru akanaulula. Koma ndikanayamba bwanji? Dzulo lomwelo ndinali nditalumbira pa mphuno yanga. Ndinabwereranso kuchitseko cha bango, ndipo tsiku lachitatu ndinalowa ngati m'nyumba mwanga. Kuba kumazolowereka msanga, abale, kuposa kupemphera.

Lachisanu litafika, Davide anati Sabata lawo likulowa, ndiye ayatsa dzuwa likadalipo, choncho mafuta achuluke kuti nyale zifike mumdima. Ndinatunga kapu yonse. Ndipo popeza ndikuulula, ndiulule zonse: tsiku limenelo ndinadonthezerako pang'ono pa tcheni cha njinga yanga, chomwe chinkalira kwiii kwiii kuyambira ku Zambia. Amenewo sangawerengedwe kwa Mulungu wa Ayuda. Amenewo ndi anga ndekha.

Make Tereza ali ndi mphuno ya galu wosaka. "Bambo a Tereza, malaya anuwa akununkhira mandasi. Mwakazinga kuti?"

"Ndi sopo wa Sinyoro."

"Nanga mafuta akutenthawa akuwatenga kuti?"

"Anabwera nawo a kwawo."

Mwaona? Mzungu ndinamuuza kuti ndi anga, mkazi ndinamuuza kuti ndi a mzungu. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, ndili mkati ndi kapu yanga ya mafuta ndi chikho cha madzi, mvula inangoti khuthu! Ndisanaganize n'komwe, ndinamva mapazi pakhomo ndi khasu likugwa pansi. Apongozi! Ndinabweza botolo pamalo pake n'kudzisolotsa kunsi kwa kama ngati buluzi. Kumeneko ndinapezako mwini malo, nkhuku yofungatira mazira, yomwe sinakondwe nane. Inandijompha khutu. Inajomphanso pomwepo. Kulira ndikanalira bwanji? Ndinangoluma mkono.

Apongozi anakhala pakama, mitengo yake n'kundikanikiza msana. Kenako dzanja lawo linatsika, likufufuza, linadutsa pafupi ndi mphuno yanga yomwe ndinalumbirira ija, n'kugwira botolo. Analikweza. Kenako anayamba kulankhula motsitsa, mawu omwe sindinawamvepo pakamwa pawo.

"Kalisito mwanawe, mvula ikugwayi uli nacho chofunda? Chimanga chamera bwino kumunda kwa atate ako. Tambala wako uja anakalamba, ndasinthanso wina, wachitatu tsopano. Usamadandaule za ine. Alamu ako akundisunga bwino, andimangira nyumba yosadontha. Ndi munthu wabwino, mwana wa eni uja." Ndinamva akuligwedeza botolo pang'ono. "Mafuta ako akadali odzaza. Ubwere, mwanawe, ndisanafe."

Nkhuku inapitiriza ntchito yake pakhutu langa, koma sindinkaimvanso. Ndinalira kunsi kwa kama kumeneko, misozi ikulowa m'kamwa pamodzi ndi fumbi. Mvula itakata, iwo anabweza botolo, kutola khasu, n'kubwerera kumunda.

Mukuganiza kuti ndinatuluka chimanjamanja, eti? Ndikanakonda nditakuuzani choncho. Ndinalira, inde, koma ndinatsanula. Ndinadziuza kuti kwangotsala masiku awiri, ndipo tikakolola ndidzagula ena n'kubwezeramo mwakachetechete. Mumdima wa m'nyumbamo sindinaone chomwe chinkagwera m'kapu.

Madzulo ake Davide anandanda zitini zisanu ndi ziwiri, kuimba nyimbo yake, n'kuyatsa. Yoyamba inati thethethe, phu! Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inalavula kamoto n'kumutentha dzanja. Anaviika chala m'chitini, kuchiika palilime.

"Madzi," anatero.

"Mwina denga likudontha, Sinyoro."

Anangondiyang'ana, osati mokwiya, koma ngati mmene namwino amayang'anira bala. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo n'kufotokoza zonse: botolo, Kalisito, tambala, ngakhale tcheni cha njinga. Iye anavula kachipewa kaja, kukapinda, n'kukafunyululanso.

"Ndiye kuti masiku onsewa ndakhala ndikuyamika Mulungu ndi mafuta akuba," anatero. "Pemphero la pa chinthu chakuba si pemphero, amigo, ndi chipongwe. Ndipo si kuba wamba. Ndatentha chakudya cha mwana wa mayi uja." Anavalanso kachipewako. "Mawa m'mawa tipita kwa mwini wake."

"Tipita? Ndi ine?"

"Nanga andimasulire ndani?"

Ndiuzeni ngati munamvapo munthu womasulira mlandu wake womwe. Kutacha tinakhala pabwalo la apongozi. Iwo pamphasa atayang'ana kukhoma, ine pamwala nditafulatira, maso kunkhokwe, make Tereza pakati pathu, Davide ataimirira atagwira chipewa m'manja. Anayamba m'Chipwitikizi: "Mayi, mafuta anu abedwa, ndipo amene wawatentha ndine."

Ine ndinakhosomola. "Akuti mvula yagwa bwino chaka chino."

"Bodza!" anatero make Tereza. "Sukulu sindinapite, koma mawu akuti roubado ndikuwadziwa. Chabedwa n'chiyani? Lankhulani bwino, bambo a Tereza."

Ndinalankhula. Ndinauza nkhokwe ija zonse, kuyambira tsiku loyamba. Za kunsi kwa kama zokha ndinadumpha, ndipo mwazimva ndinu oyamba.

Apongozi anadzuka, kulowa m'nyumba, kutuluka ndi botolo ndi mbale yoyera. Anamasula chitenje pang'onopang'ono, kuzula chitsononkho, n'kupendeketsa. Munatuluka madzi. Madzi a pachitsime chathu, otuwa, pamwamba pake pakuyandama timaso ta mafuta. Make Tereza anagwira mutu. "Mayo ine! Bambo inu, mwapha amayi!" Ine ndinkafuna apongozi atukwane, andiponyere mbaleyo, andipitikitse pamudzi. Sanachite chilichonse mwa izi. Anayang'ana m'mbalemo nthawi yaitali, kenako anauza make Tereza kuti, "Umufunse mlendoyo, nyale zakezo n'zachiyani."

Davide anafotokoza, ndipo ulendo uno ndinamasulira osachotsa kapena kuwonjezera. Anati kalekale makolo ake, nkhondo itatha, anabwerera kunyumba yawo yopemphereramo n'kuipeza itaipitsidwa ndi adani. Pofuna kuyatsa nyale ya m'menemo anangopeza kabotolo kamodzi ka mafuta oyera, okwana tsiku limodzi. Anayatsa choncho, ndipo mafutawo anayaka masiku asanu ndi atatu.

Apongozi anaseka kaphwete kouma. "Kwawoko mafuta a tsiku limodzi anakwana masiku asanu ndi atatu. Kwathu kuno a zaka zonsezi atha sabata imodzi." Anapukuta m'maso ndi ngodya ya chitenje. "Lero ndi lomaliza?"

"Lomaliza, mayi."

Anaitanitsa supuni. Anayamba kuwengula timaso ta mafuta tija pamwamba pa madzi, kamodzikamodzi, kuthira m'kapu. Atamaliza, mafutawo anangophimba pansi pa kapu.

"Ndalama anagulira ija ili kuti?"

Inali m'thumba langa, sindinaigwiritse ntchito. Ndinaipereka chakumbuyo kwa make Tereza, iye n'kupatsa mayi ake. Anaifumbata.

"Umuuze kuti awa ndamugulitsa ine, mwini wake. Ndi ake tsopano, apemphere bwino. Koma ayatsire pakhomo panga, moyang'ana kunjira."

Dzuwa litalowa, Davide anandanda zitini zisanu ndi zitatu pakhomo la apongozi. Mafuta anali ochepa kwambiri moti anayamba wathira madzi m'zitinimo kuti mafutawo akwere afike pathonje. (Nzeru yanga yomwe ija, kungoti iye ankachita anthu akuona.) Anaimba nyimbo yake. Nyale zonse zinayaka bwinobwino, popanda yolavula. Mudzi wonse unaima chapatali kuyang'ana moto, koma apongozi sanauyang'ane. Anakhala pamphasa kumbuyo kwa nyalezo, maso ali kunjira yochokera ku Fingoe. Kunadutsa galu. Kenako mbuzi ya eni yochedwa kulowa m'khola. Nyale zinayamba kuzima, iyi, kenako iyo, mpaka yomaliza. Iwo anakhalabe kanthawi mumdimamo, kenako anapinda mphasa n'kulowa.

M'bandakucha tinadzidzimuka ndi mfuu. "Kalisito mwana wanga iweee! Wandisiyira ndani ineee!" Maliro omwe anawakana zaka zonse zija anawayamba okha, pakhomo pawo, botolo lopanda kanthu lili pamiyendo. Amayi a m'mudzi anathamangira kumeneko n'kulandira. Tinalira maliro opanda mtembo masiku awiri. Tambala uja tinamupha kuti adye anthu obwera kudzapepesa, ndipo anaphikidwa ndi madzi ndi mchere basi. Davide anakhala nafe amuna pansi pa mango. Mtsinje utaphwa anapita, ndipo chilimwe chake anabweranso ndi makina n'kutikumbira mjigo womwe tikumwa mpaka pano. Ankandipatsabe moni wa amigo, koma womasulira anapeza wina.

Ena m'mudzi amati ndinawathandiza apongozi, akuti pakanapanda ine akanafa akudikira. Mawu amenewo sindiwalandira. Kudikirako n'kumene kunkawadzutsa m'mawa, ndipo kunali kwawo, kusiya kapena kusasiya. Chichitikireni zimenezo anayamba kuchedwa kutuluka m'nyumba, ndipo munda wawo tinkalima ndife.

Titakolola ndinapita kokumba golide kufupi ndi Fingoe. Miyezi iwiri ndili m'dzenje, msana ukuthyoka, mpaka ndinagula botolo la mafuta latsopano, lodzaza, losatsegula. Ndinayenda nalo wapansi mpaka kumudzi, ndikuloweza mawu opepesa njira yonse. Ndinakhala pamwala womwe uja, nditafulatira, make Tereza n'kukaliika patsogolo pa mayi ake. Ndinamva akulinyamula, kenako akuliika pansi.

"Umuthokoze mwamuna wako, wavutika," anatero. "Koma umufunse, ndikazingira ndani?"

Make Tereza sanandifunse. Mafutawo anadya ana athu.

Kudzitama sindinasiyiretu, ndinganame. Koma mlendo akandipempha chinthu chomwe ndilibe, masiku ano ndimangoti ndilibe, ngakhale manyazi andigwire bwanji. Ndinaphunzira mochedwa, ndipo analipira sukuluyo si ine.